Rotaveta ndi thirakitala yaing'ono: kukula kwa chida kuyendere mphamvu ya PTO

Rotaveta ndi chida cholimira chomwe chimakolekedwa kumbuyo kwa thirakitala ndipo chimaphwanya nthaka ndi mipeni yozungulira. Pulawo imagwira ntchito pokokedwa, pomwe rotaveta imalandira mphamvu kuchokera ku injini kudzera pa kashafiti kozungulira ka kumbuyo kwa thirakitala, kotchedwa PTO. Kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti kasankhidwe ka zida ziwirizi kasafanane. Wosankha pulawo amayang'ana kulemera kwa thirakitala ndi momwe matayala ake amagwirira pansi. Wosankha rotaveta amayamba wadziwa kuchuluka kwa mphamvu yomwe PTO ikutulutsa.

Nkhaniyi imakula kwambiri pa mathirakitala ang'onoang'ono, a mahosipawa 15 mpaka 50, chifukwa mphamvu yawo ndi yongokwanira. Mlimi, kalabu kapena kopaletivi ikagula rotaveta yopitirira msinkhu wa thirakitala yake, dizilo amatha msanga, kilachi imapsa, ndipo ntchito imaima pa nyengo yomwe munda ukudikira mbewu. Ikagula yocheperapo, thirakitala imasiya mapazi a matayala m'munda wolima kale, kapenanso imathyola bokosi la magiya la chidacho. Njira zonse ziwiri, ndalama zimalowa m'madzi.

Chiyambi cha chidachi

Mu 1912, Arthur Clifford Howard adayamba kuyesa kulima ndi mipeni yozungulira pa famu ya bambo ake ku Gilgandra, m'chigawo cha New South Wales ku Australia. Zida zake zoyamba zinkangomwaza dothi cham'mbali, kufikira pomwe adapanga mpeni wopindika ngati chilembo cha L, womwe ukugwiritsidwabe ntchito mpaka lero. Mu 1938 adakhazikitsa kampani ya Rotary Hoes ku England, ndipo dzina loti Rotavator, lomwe poyamba lidali la malonda a kampaniyo, lidafala mpaka kusanduka dzina la chida chilichonse cha mtunduwu.

Mikono itatu ya kumbuyo yomwe imanyamula chidachi idachokera ku luso la Harry Ferguson, wobadwira kumpoto kwa Ireland, ndipo idafala ndi thirakitala yake ya TE20 yomwe idayamba kupangidwa mu 1946. Ku Japan, komwe minda ya mpunga ndi ing'onoing'ono, rotaveta idasanduka chida chachikulu cha mlimi, ndipo makampani monga Kubota, Yanmar ndi Iseki adapanga mathirakitala ang'onoang'ono poganizira ntchito imeneyi.

Mphamvu ya injini ndi mphamvu ya PTO

Thirakitala iliyonse ili ndi manambala awiri a mphamvu. Yoyamba ndi ya injini, yomwe ogulitsa amakonda kutchula chifukwa ndi yaikulu. Yachiwiri ndi ya PTO, yomwe imatsala injini ikapatsako mphamvu pampu ya haidiroliki, fani, alitaneta ndi magiya. Kawirikawiri mphamvu ya PTO imachepa ndi 15 mpaka 25 peresenti poyerekeza ndi ya injini. Pamapepala mphamvuyi imalembedwa ngati hp kapena kW, ndipo hosipawa imodzi ndi 0.746 kW.

Kubota L2501 ndi chitsanzo chabwino. Injini yake ndi ya mahosipawa 24.8, koma pa PTO pamafika 20.5 ngati ili ya magiya wamba, ndi 19 ngati ili yoyendera mafuta a haidiroliki. John Deere 1025R ili ndi injini ya mahosipawa pafupifupi 24, koma PTO yake imatulutsa 18. Mathirakitala ena akale a ku Japan amatsata njira ina: pa Yanmar YM2000, nambala 20 ikuimira mphamvu ya PTO, pomwe injini yake ndi ya mahosipawa 24. Choncho nambala yolembedwa pa boneti siyenera kudaliridwa popanda kuona buku la thirakitalayo. N'chifukwa chakenso malo oyesera mathirakitala, monga a pa University of Nebraska ku America omwe adayamba ntchito mu 1920, amayesa mphamvu pa PTO.

Kukwera kwa malo kumadyanso mphamvu. Injini ya dizilo yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 300 aliwonse okwera, popeza mpweya umapepuka. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, kotero thirakitala yotere imataya pafupifupi 10 peresenti. Ku Dedza, komwe n'kokwera mamita pafupifupi 1,600, imataya cha m'ma 15 peresenti, pomwe ku Nsanje, komwe sikufika mamita 100, imakhala ndi mphamvu pafupifupi yonse. Injini yokalamba, ya mafiluta otsekeka, imachepetsanso nambalayi.

Mphamvu yonse ya PTO imapezeka injini ikamathamanga pa mulingo wake. Marotaveta ambiri amapangidwira PTO yozungulira maulendo 540 pa mphindi, ya kashafiti ka mamilimita 35 ka mano 6. Pa geji ya injini pamakhala chizindikiro cha 540, ndipo singano iyenera kukhala pomwepo nthawi yonse yolima. Mathirakitala ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan amakhala ndi magiya angapo a PTO. Pa rotaveta yopangidwira 540, giya yoyenera ndi yomwe ili pafupi ndi nambala imeneyi.

Mulingo wa mulifupi

Mulingo wachidule womwe amakaniko ndi ogulitsa zida amatsata ndi wakuti fiti imodzi ya mulifupi mwa rotaveta imafuna mahosipawa 5 a PTO pa nthaka yofewa. Mwa mamita, ndi mahosipawa 16 pa mita imodzi. Pa nthaka yolimba kapena yomata, komanso pa marotaveta olemera a mipeni yambiri, kufunika kumakwera ndi theka, kufika mahosipawa 7 kapena 8 pa fiti. Ndondomeko ili m'munsiyi ikusonyeza mphamvu ya PTO yofunika, kuyambira pa nthaka yofewa kulekezera pa yolimba:

Mita 1.0: mahosipawa 16 mpaka 25
Mamita 1.2, omwe ndi mafiti 4: mahosipawa 20 mpaka 30
Mamita 1.5, omwe ndi mafiti 5: mahosipawa 25 mpaka 38
Mamita 1.8, omwe ndi mafiti 6: mahosipawa 30 mpaka 45
Mamita 2.1, omwe ndi mafiti 7: mahosipawa 35 mpaka 53

Manambalawa ndi poyambira chabe. Wopanga rotaveta aliyense amalemba mphamvu yochepetsetsa ndi yochulukitsitsa yomwe chida chake chimalola, ndipo malire onse awiri ndi ofunika. Nambala ya pansi imateteza thirakitala, ya pamwamba imateteza bokosi la magiya la rotaveta. Rotaveta yopepuka ya mamita 1.2 ikamangidwa pa Massey Ferguson 375, ya mahosipawa 75, mipeni ikagunda chitsa injini siifooka. Chomwe chimagonja ndi magiya, tcheni kapena shafiti ya chidacho.

Chifukwa chomwe rotaveta imadyera mphamvu chotere chimaoneka munthu akawerengera dothi lomwe imatembenuza. Ya mamita 1.5, yolowa pansi masentimita 15, pa liwiro la makilomita 2.5 pa ola, imadula ndi kuponya dothi lolemera matani oposa 700 pa ola limodzi. Sentimita iliyonse yowonjezera m'mbali kapena pansi imawonjezera katundu ameneyu.

Mtundu wa nthaka

Nthaka ya mchenga ndi ya m'madimba olimidwa chaka ndi chaka ndi yopepuka, ndipo nambala ya pansi pa ndondomeko ija imakwanira. Katondo, yemwe ndi wofala m'zigwa za Lilongwe ndi madera ena okwera, amauma gwaa m'chilimwe, ndipo mipeni imangodumpha pamwamba pake. Makande a m'chigwa cha Shire ndi ozungulira nyanja ya Chilwa amavuta mbali zonse: akauma amalimba ngati njerwa, akanyowa amamata ku mipeni mpaka shafiti yonse kusanduka chibuma chimodzi. Pa nthaka ziwirizi, nambala ya pamwamba ndiyo yoyenera kutsatidwa.

Chinyezi chabwino chimadziwika ndi dzanja. Dothi likafumbatidwa n'kupanga mbulunga yomwe imasweka ikafinyidwa pang'ono, nthawi yolima yakwana. Likapanga mbulunga yonyezimira yosasweka, n'lonyowa kwambiri. Likakana kugwirana, n'louma kwambiri, ndipo rotaveta ingotulutsa fumbi n'kudya mipeni.

Minda yambiri ya chimanga m'Malawi imakhala ndi mizere ya chaka chatha, yotalikirana masentimita 75 kapena 90. Rotaveta ikamadutsa pa mizere yotere, imalowa kwambiri pa mzere n'kupachikika m'khwawa, kotero injini imalemedwa ndi kupepukidwa mosinthanasinthana. Munda wotere, pamodzi ndi tsala kapena mphanje, umafunika pulawo poyamba, kenaka rotaveta n'kudzaphwanya zibuma. Mapesi aatali, udzu wokhwima ndi zingwe zimakulungika pa shafiti ya mipeni n'kuwonjezera katundu, choncho n'koyenera kuzidula kapena kuzichotsa ntchito isanayambe.

M'masikimu a mpunga monga Bwanje Valley ku Dedza, Likangala ku Zomba, Domasi ku Machinga, Limphasa ku Nkhata Bay ndi Hara ku Karonga, minda ndi yogawidwa m'timagawo ting'onoting'ono. Malo otere amakomera chida chopapatiza komanso chopepuka, popeza kukhota kumachuluka ndipo chida cholemera chimatitimiza thirakitala m'matope.

Liwiro ndi kuya

Shafiti ya mipeni ya marotaveta ambiri imazungulira maulendo 180 mpaka 250 pa mphindi. Kukula kwa chiduswa cha dothi chomwe mpeni uliwonse umadula kumatengera liwiro la thirakitala. Tiyerekeze kuti shafiti ikuzungulira maulendo 200 pa mphindi ndipo mipeni itatu ikutsatana pa mzere umodzi. Pa makilomita 3 pa ola, thirakitala imayenda mamita 50 pa mphindi, ndipo mpeni uliwonse umadula masentimita pafupifupi 8. Pa makilomita 1.5 pa ola umadula masentimita 4, pomwe pa makilomita 5 pa ola umadula masentimita 14.

Apa ndi pomwe pagona chinyengo cha rotaveta yaikulu. Thirakitala yofooka imatha kuizunguza ngati ikuyenda pang'onopang'ono, koma nthawi yomwe munthu amayembekeza kupulumutsa imathera m'kukwawako. Tiwerengere ekala imodzi, yomwe ndi masikweya mita 4,047, titachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi kuti likhale la kukhota ndi kuima. Rotaveta ya mamita 1.2 pa makilomita 2.5 pa ola imamaliza ekalayo mu ola limodzi ndi mphindi 48. Ya mamita 1.5 pa liwiro lomwelo imamaliza mu ola limodzi ndi mphindi 26. Ya mamita 1.8, yomwe yakakamiza thirakitala kutsika pa makilomita 1.5 pa ola, imatenga maola awiri athunthu. Chida chachikulu ndi chodula kuposa zinzake chasanduka chochedwa kuposa zonse, ndipo dothi chalipera mopitirira muyeso.

Ntchito zambiri za rotaveta zimafuna kuya kwa masentimita 10 mpaka 15. Kuyako kumasinthidwa ndi zitsulo zotsetsereka za m'mbali mwa chidacho. Pamene mphamvu ikuperewera, kudutsa kawiri, poyamba mosazama kenaka mozama, kumasamala thirakitala kusiyana ndi kukakamiza ulendo umodzi. Chitseko cha kumbuyo kwa rotaveta chilinso ndi gawo lake: chikatsitsidwa dothi limasalala kwambiri, chikakwezedwa zibuma zimatuluka zokulirapo ndipo injini imapepukidwa.

Mapazi a matayala

Malire achiwiri ndi mulifupi mwa thirakitala yeniyeniyo. Rotaveta iyenera kufufuta mapazi a matayala akumbuyo, apo ayi munda umatsala ndi njira zogangatika. Muyeso umatengedwa ndi tepi kuchokera kunja kwa tayala lina kufika kunja kwa linzake, ndipo umayerekezedwa ndi mulifupi mwa malo omwe mipeni imalima. Thupi la rotaveta limakhala lalikulu kuposa pomwe mipeni imafika, choncho wogula afunse kuti nambala yomwe yalembedwa ikuimira chiti.

Nthawi zambiri mphamvu ndi matayala zimatsutsana: mphamvu ikulola mamita 1.2, pomwe matayala atambalala mamita 1.4. Yankho lake ndi rotaveta yosunthira mbali imodzi, yomwe imafufuta phazi la tayala limodzi, kawirikawiri lakumanja. Woyendetsa amalima mozungulira kotero kuti phazi la tayala linalo limagwera pa nthaka yomwe idzalimidwe pa ulendo wotsatira. Pa mathirakitala ena matayala akumbuyo amatha kusunthidwa kuti ayandikane, monga buku lake likufotokozera.

Kulemera ndi mikono ya kumbuyo

Malire achitatu ndi kulemera. Mphamvu yonyamulira ya mikono ya kumbuyo imalembedwa pawiri: pa nsonga za mikono, komanso pa mtunda wa mamilimita 610 kumbuyo kwa nsongazo. Nambala yachiwiri ndi yocheperapo, ndipo ndiyo yoyenera kuyerekezedwa ndi kulemera kwa rotaveta, popeza chidacho chimalendewera kumbuyo. Dothi lomata ku mipeni limawonjezera kulemerako.

Rotaveta ikakwezedwa, matayala akutsogolo ayenera kusenzabe 20 peresenti ya kulemera kwa thirakitala, kapena kuposera apo. Akapepukidwa, chiwongolero sichimvera, ndipo pa chitunda kapena podutsa ngalande mutu wa thirakitala umatha kudzuka. Zitsulo zolemera za kutsogolo zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa kusankha chida cha msinkhu woyenera. Mabuku ambiri a mathirakitala amakhala ndi tsamba lotchula mulifupi ndi kulemera kwa zida zomwe zikuloledwa.

Mapini nawo ali ndi magulu. Mathirakitala ambiri ang'onoang'ono ndi a Category 1, ya mapini apansi a mamilimita 22 ndi lapamwamba la mamilimita 19. Akuluakulu ndi a Category 2, ya mapini a mamilimita 28 ndi 25. Mathirakitala ena a ku Japan amabwera ndi rotaveta yawoyawo yokolekedwa mwa njira yapadera, yomwe singasamutsidwire pa thirakitala ina popanda kusintha zitsulo.

Mipeni ndi zotetezera

Mipeni ya L imadula udzu ndi zinyalala bwino pa nthaka youma pang'ono, koma imadya mphamvu yambiri. Ya C ndi yopindika mofatsa, imalowa mosavuta m'nthaka yolemera ndipo simata msanga. Ya J imagwiritsidwa ntchito kwambiri m'matope a mpunga. Rotaveta ya mipeni 6 pa mbale iliyonse imafuna mphamvu yoposa ya mipeni 4, ngakhale mulifupi mwake mutafanana.

Marotaveta ambiri amazungulira cha kutsogolo, monga matayala, ndipo pa nthaka yolimba amatha kukankha thirakitala yopepuka. Ozungulira chobwerera amakwirira zinyalala bwino ndipo amalowa pansi msanga, koma amafuna mphamvu yochulukirapo, choncho sayenera thirakitala yomwe ili kale pa malire.

Pakati pa PTO ndi rotaveta pamayenera kukhala chotetezera. China ndi bawuti yomwe imaduka mipeni ikagunda mwala. Ikaduka, ilowedwe m'malo ndi bawuti ya mtundu womwewo, popeza yolimba kwambiri imasamutsira kuwonongekako ku magiya. China ndi kilachi yoterereka, yomwe imamasuka katundu akapitirira. Kilachi imeneyi ikakhalitsa osagwira ntchito imachita dzimbiri n'kugwirana, kotero imafunika kumasulidwa ndi kuyesedwa nyengo yolima isanayambe. Shafiti yolumikiza iyeneranso kuyesedwa kutalika: ikatalika kwambiri imakankha PTO chida chikakwezedwa, ikafupika imasololoka.

Chitsanzo cha kawerengedwe

Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi a ndiwo zamasamba kufupi ndi Lilongwe ili ndi thirakitala yopanda turbo, ya mahosipawa 25 pa injini ndi 20 pa PTO, yomwe matayala ake atambalala mamita 1.4. Tikachotsa 10 peresenti ya kukwera kwa malo, patsala mahosipawa 18. Pa nthaka yofewa ya m'dimba, 18 kugawa ndi 16 ikupereka mamita 1.1, ndipo rotaveta yogulitsidwa yomwe ili pafupi ndi muyesowu ndi ya mamita 1.2. Popeza singafufute matayala onse awiri, ikhale yosunthira mbali imodzi. Ya mamita 1.5 ingagwire ntchito pokhapokha m'munda wogawulidwa kale ndi pulawo, mosazama komanso pa giya yotsika. Ya mamita 1.8 ndi yosayenera, ngakhale mtengo wake utakhala wokopa.

Zizindikiro za kusayenderana

Thirakitala yolemedwa imadziulula yokha. Singano ya injini imatsika pansi pa chizindikiro cha 540 ndipo sibwerera, utsi wakuda umatuluka mosalekeza, geji ya kutentha imakwera, ndipo kilachi imanunkha kupsa. Woyendetsa akaona izi atsike giya, achepetse kuya, ndipo akweze chitseko cha kumbuyo. Ngati zizindikiro zikupitirira ngakhale pa giya yotsikitsitsa ndi kuya kwa masentimita 10, chidacho n'chachikulu kuposa thirakitala. N'chifukwa chake kuyesa rotaveta m'munda weniweni, musanapereke ndalama, kumaposa kukhulupirira zolembedwa pa pepala la malonda.

Malire a ntchito ya rotaveta

Ngakhale itayenderana bwino ndi thirakitala, rotaveta si chida cha munda uliwonse. Dothi loperedwa ngati ufa limapanga chikhakha pamwamba mvula yamphamvu ikagwa, mbewu zimavutika kumera, ndipo pa malo otsetsereka limakokoloka mosavuta. Kulima pa kuya kumodzimodzi chaka ndi chaka kumasiya chikhakha china pansi pomwe mipeni imalekezera, chomwe chimatchinga mizu ndi madzi. Udzu wofala ndi mizu, monga kapinga ndi dawe, umachulukana ukadulidwadulidwa. Chidachi chimapindulitsa kwambiri pa mabedi a ndiwo zamasamba, nazale, minda ya mpunga ndi posakaniza manyowa ndi dothi. Pa minda ya chimanga ya m'malo otsetsereka, ulimi wa mtayakhasu umasamala nthaka kuposa rotaveta.

PTO ya 540 imazungulira maulendo 9 pa sekondi imodzi, ndipo chitenje, malaya olendewera kapena chingwe cha nsapato chikakodwa, munthu sapeza mpata wodzipulumutsa. Chivundikiro cha shafiti chisachotsedwe, anthu asaime kumbuyo komwe miyala imaulukira, ndipo injini izimitsidwe munthu asanayandikire mipeni kukachotsa waya kapena udzu.

Wopita kukagula rotaveta anyamule manambala anayi: mphamvu ya PTO atachotsapo za kukwera kwa malo, mulifupi mwa matayala akumbuyo, mphamvu yonyamulira ya mikono, ndi gulu la mapini. Pa izi awonjezerepo mtundu wa nthaka yovuta kwambiri yomwe adzalime. Pamene miyeso iwiri ya rotaveta ikuoneka ngati yonse ingatheke, yocheperapo ndiyo imasiyira injini mpata wopumira tsiku lomwe nthaka yalimba.